Dzina la Jimu Lisiyeni Ligone

Limbe,
14 Malichi 1991.

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Nkaya? Nanga mwendo wa Amayi uja watupanso ndi mvulayi? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillahi.

Uthenga woti mkazi wanga Asiya wachira ndi mwana wamwamuna unandipeza ndili kuntchito. Ndinalumpha ngati mbuzi, mpaka abwana anafunsa ngati ndagwidwa ndi magetsi.

Mumandiseka kuti ndimalandira malipiro pongokhala pampando, ndiye lero ndikuuzeniko zomwe ndimachita. Kompyuta yathu ndi yanzeru koma ilibe maso. Makina onse olumikizidwa kwa iyo, kaya osindikiza mapepala kaya osunga ntchito pa tepi, imawadziwa ndi dzina lokha lomwe talilemba mkati mwake. Ukatchula dzinalo, iyo imangotumiza ntchito kumeneko osafunsa.

Mwezi watha makina athu akale a tepi anafa. Atabwera atsopano, mnzanga wina, pofuna kufupikitsa ntchito, anawapatsa dzina la akale aja. Koma inu! Kompyuta inayamba kuwalamula monga inkalamulira akalewo, pomwe awa kalembedwe kawo nkena. Tinkati ntchito ikusungika, osadziwa kuti tepi ikudzaza ndi zinyalala. Ntchito ya sabata yonse inapita. Abwana sanakalipe, anangolamula kuti chida chilichonse chikhale ndi dzina lakelake lonena chomwe chili, ndipo dzina la chida chakufa lisapatsidwenso china.

Ababa, pempho langa lagona pamenepa. Achemwali a Lukiya andiuza kuti tsiku lomumeta mwana tsitsi mukufuna mukauze a shehe kuti mwanayu akhale Jimu, dzina la malemu mng'ono wanga. Ndikudziwa kuti mukufuna dzinalo limvekenso pabwalo. Inenso Jimu ndimamusowa, moti sitima ikalira kuno mtima umandipweteka, poti iye sankaphonya kukaichingamira.

Koma iyayi, chonde. Munthu si makina, ndikudziwa, musandiyese wopenga ndi za m'tauni. Komabe Amayi ndimawadziwa. Mwanayu akadzakana phala, adzati Jimu sankatero. Akadzachedwa kuyenda, adzati Jimu anayenda msanga. Adzakula akufunsidwa za munthu yemwe sanamuonepo, ndipo sadzapambana, chifukwa wakufa salakwanso.

Dzina musankhe ndinu, ine sindilowererapo. Kaya Hamadi, kaya Chande, lililonse ndilandira ndi manja awiri. Mulungu akalola ndikwera sitima ya Loweruka, ndidzatsikira pa Nkaya pomwepo, ndi nsalu ya Asiya ndi sopo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa achemwali, kwa apongozi anga, ndi kwa amalume aku Ntaja. Kalatayi musawawerengere Amayi yonse. Mungowauza kuti akaitana Jimu, tonse timadziwa amene akumuitana. Akadzamuitana mdzukulu wawoyu, ndikufuna adzakhale akuitana iyeyo.

Ndine mwana wanu,
Sufiyani.