Foni Munatumiza Ija Yawatembenuza Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, kupatula amayi omwe akudandaula mwendo.

Foni munatumizira bambo ija yatibweretsera mavuto. Anangofufuzapo mtengo wa feteleza kamodzi, basi tsiku lililonse ikuwaonetsa wandale wina akulonjeza feteleza wotchipa. Ndinawauza kuti foni imasunga zimene afufuza, ndipo andale amalipira kuti uthenga wawo uwapeze. Akuti, "Iwe, sukulu inakuwononga. Munthuyu akuwadziwa mavuto anga!"

Dzana pamsika wa Manjawira bambo anawanena amalume pagulu kuti ndi mbuli posamukonda wandaleyo. Amalume atakwiya anadzatenga pampu yawo yothirira imene anatibwereka ija. Kabichi akufota kudimba, bambo ali pakhonde kuonera malonjezo.

Chonde aimbireni akapepese msanga. Ine ndatopa nawo. Inu mwina akumverani, poti mawu anu atulukira mufoni.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tamanda