Phazi la Abambo ndi Mbale ya Zaziwisi

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo, ngakhale chaka chino chatizunguza mutu. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna kuti nkhani yoipa ikhale yoyamba kulowa pakhomo. Mkazi wa mlongo wanga Lameki anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Mphumi yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga cha kumunda wanu ku Mitundu chinachita bwino, koma mtedza unadyedwa ndi chiswe. Mtengo wa mapeyala munadzala kuseri kwa khitchini uja wayamba kubereka. Ine ndikadali ku Nathenje, kuphunzitsa pasukulu yomwe ija.

Tsopano ya abambo. Iyi ndiye yandikhazika pansi kuti ndikulembereni, ndipo mkati mwake muli zina zimene ndikuchita nazo manyazi.

Miyambo ya maliro anu itatha, abambo anabwerera kwawo, kumudzi kuja kuseri kwa Mitundu, njira ya ku Dzalanyama, kukakhala moyandikana ndi mlongo wawo, azakhali aNabanda. Tsiku lina Lameki anakawapeza atakhala pansi m'chigafa cha fodya, akuti m'maso mwachita mdima. Anali ataonda, madzi akumwa osakhuta, ndipo pachala chaching'ono cha phazi lamanzere panali kachilonda kamene anapunthwa pachitsa, kosapola. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Anamwino anandiitanira pambali. Anati, "Mankhwala asadumphe tsiku. Tiyi wa shuga ndi thobwa asiye. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi, koma zamasamba zichuluke m'mbale. Shuga akapanda kutsika, chilonda chimenechi sichipola, ndipo tidzakamba za kudula."

Mawu akuti kudula aja anandikhala m'mutu njira yonse. Ndinawatenga abambo kukakhala nawo ku Nathenje.

Vuto linali nthawi. Ndimaweruka dzuwa lili paliwombo, ndipo pakangotha ola limodzi ndimayenera kubwerera kukaphunzitsa makalasi a masana. Kuti ndikoleze mbaula, ndiphike ndiwo ziwiri, zinali zosatheka. Mnzanga wina wa kusukulu, amene amuna ake ali ndi matenda omwewa, ndiye anandionetsa za saladi. Mukanaona mukanaseka, Amayi, chifukwa palibe chofika pamoto. Ndimatsuka zonse ndi madzi owiritsa, kawiri. Ndimatenga kabichi n'kumuduladula mopyapyala, tomato wolimba, anyezi theka, nkhaka, karoti wopala. Ndikakhala ndi peyala la mumtengo wanu uja ndimaikamo. Pamwamba ndimafinyira ndimu, kamchere kotsina ndi zala, n'kuwazapo mtedza wokazinga. Tsiku lina ndimaikamo dzira lowiritsa, tsiku lina nyemba zotsala dzulo. Madzi a nsima asanawire, mbale imakhala itadzaza kale.

Tsiku loyamba abambo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Esnati, kodi ndasanduka mbuzi?"

Ndinawafotokozera zimene ananena anamwino. Anadya mtanda wawo umodzi uja, n'kukankhira mbale ya saladi kutali ndi kunsi kwa dzanja. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinakuwa, iwo ananyamuka kukakhala panja pa dzuwa, osadya chilichonse. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene munkanena: "Bambo ako ukawaumiriza amauma khosi. Ingowaikira pafupi, iwe uchokepo." Tsiku lachinayi ndinaika mbale pampando, ndinatenga mabuku anga, n'kupita osanena kanthu. Pobwera ndinapeza atatolamo peyala ndi mtedza wokha. Patatha sabata ankasiya anyezi yekha. Pakutha pa mwezi anamwino atawabaya pachala anagwedeza mutu, nati shuga wayamba kutsika, ndipo kachilonda kaja kanayamba kuuma m'mbali. Ndinayamba kupuma.

Kenako kunabwera azakhali.

Pali chinthu chimene simunachimve, chifukwa chinachitika inu mutapita kale. Yohane, mwana wawo womaliza uja, anamwalira ndi kolera dzinja lija matendawa anavuta. Anadwala m'mawa atabwera kumsika, pofika mawa lake kunalibe munthu. Kuyambira pamenepo azakhali chinthu chosafika pamoto sachikhudza, ngakhale mango akuchera okha mumtengo amayamba awaviika m'madzi otentha.

Anafika Lachiwiri masana, n'kutipeza tikudya. Sanakhale ndi pansi pomwe.

"Iwe Esnati, ichi n'chiyani?"

"Ndi saladi, azakhali. Akuchipatala ndiwo anati..."

"Akuchipatala anati uziwadyetsa zaziwisi? Munthu wamkulu, wodwala, kabichi wosaphika? Taona mmene aonderamu! Kamtanda kamodzi ngati mkaidi. Mayi ako akanakhalapo zimenezi zikanachitika?"

Ndinayesa kuwaonetsa ndowa ya madzi owiritsa, ndinawaonetsa mmene ndimatsukira. Sanayang'aneko. Abambo anangogwetsa maso pansi. Mukuwadziwa mmene amakhalira pamaso pa mlongo wawo.

Mawa lake ndinapita kusukulu monga mwa masiku onse. Pobwera masana, nditanyamula kabichi ndi nkhaka za pamsika, ndinapeza chitseko chili chotseka, kiyi ali kwa aneba. Anati, "Anyamuka cham'ma naini ndi azakhali anu, akwera minibasi." M'chipinda munalibe chikwama chawo, munalibe jekete. Koma mankhwala onse anali pawindo, m'kapepala kawo, pamene ndinkawasiya.

Ndinaimbira azakhali foni. Azakhali anayankha mawu ochepa: "Ali kwawo. Akudya chakudya cha anthu." N'kudula.

Apa ndiye pamene ndinalakwa, Amayi, ndipo sindikubisirani. Ndikanakwera galimoto masana omwewo. Sindinapite. Ndinakwiya. Ndinati mumtima, mwezi wathunthu ndakhala ndikuthamanga ngati wamisala, iwo n'kunyamuka osatsanzika, asiyeni akaone okha. Mankhwala ndinapatsira Lameki, ndinamuuza kuti akawasiyire. Anzanga akandifunsa ndinkati kusukulu kwachuluka ntchito. Koma zoona zake n'zakuti ndinali nditatopa, ndipo masana aja ndikakhala ndekha m'nyumba, opanda wondikankhira mbale, ndinkamva kupepukidwa. Panatha masiku khumi.

Loweruka m'mawa Lameki anaimba. Sanapereke ndi moni womwe.

"Achemwali, bwerani lero. Abambo sakuyenda. Phazi akulibisa m'nsalu, sakulola munthu kuliona, koma m'nyumba mukununkha."

Ndinakwera minibasi mpaka pamphambano ya ku Bunda, ina mpaka pa Mitundu, kenako njinga yamoto. Fumbi la njira ija sindinalimve n'komwe. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, atatsamira khoma, milomo itauma, pambali pali chikho cha thobwa. Mankhwala aja anali patsindwi, kapepala kosatsegula. Azakhali anali atawauza kuti mapilitsi ndiwo akuwafooketsa, ndipo pachilonda ankawapatsa phala la mizu kuti azipakapo okha.

Ndinagwada. Ndinati, "Abambo, ndione phazi."

"Lili bwino."

"Ndione."

Azakhali anatuluka m'khitchini, mthiko uli m'manja. "Wabwera kudzatani? Munthu wayamba kudya bwino kuno, usamusokoneze."

Ndinagwira nsalu ija. Abambo anandigwira dzanja mwamphamvu, koma ine sindinasiye, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanalimbanepo nawo chotero. Nsalu inali itamatirira. Nditaimatula, ntchentche zinabwera nthawi yomweyo. Chala chaching'ono chija chinali chitada ngati khala, chinzake chikutsatira, phazi litatupa mpaka m'kakolo.

Mthiko unagwa pansi. Azakhali anagwira pakamwa. Nawonso anali asanalione, chifukwa abambo ankawabisira.

Munkandiuza kuti pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Tsiku limenelo panathamangadi. Ndinatembenuka, pamaso pa Lameki ndi anthu amene anali atayamba kusonkhana, n'kunena kuti, "Mwaona? Yohane sanakukwaneni, mukufuna muikenso wina?"

Azakhali sanalire. Anangondiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Abambo ndiwo analankhula, motsitsa mawu kwambiri: "Esnati, zimenezo sunaphunzire pakhomo panga." Kenako anauza Lameki, "Kafune galimoto. Ndipite kuchipatala."

Galimoto itafika, azakhali anatuluka atamanga kale katundu wawo m'chitenje, poto ndi bulangete. Anakwera kumbuyo n'kuika phazi la mlongo wawo pamiyendo pawo. Njira yonse sanandiyang'ane.

Pachipatala chaching'ono anangoona phazi n'kutitumiza kuchipatala chachikulu mu tawuni. Adokotala a kumeneko anati sangalonjeze chilichonse mpaka atatsegula: mwina zala zokha, mwina phazi lonse, mwina mpaka m'munsi mwa bondo. Anafuna wosaina pepala. Abambo anati, "Asaine Esnati." Dzina langa lomwe, limene ndimalemba tsiku ndi tsiku m'makope a ana, linandivuta kulemba. Anawalowetsa m'chipinda cha opaleshoni Lolemba m'mawa. Tinakhala pabenchi limodzi, ine kumapeto kuno, azakhali kumapeto uko, pakati pathu pali malo a anthu atatu. Dzuwa linakwera, linapendeka. Chitseko chikatseguka tonse tinkaimirira, n'kukhalanso.

Anadula zala ziwiri, Amayi. Phazi latsala.

Anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo wowadikirira anali azakhali. Ine ndinkabwera Loweruka ndi Lamulungu. Ndikafika azakhali ankandipatsa mpando, ankandiuza zimene adokotala anena, koma moni wanga ankayankha ngati wa mlendo. Tsiku lina anamwino a m'chipindamo anawakhazika pansi n'kuwafotokozera za shuga, za thobwa, za mapilitsi, za zamasamba. Ndinamva azakhali akufunsa, "Nanga zaziwisizo sizibweretsa kolera?" Anamwino anati chimene chimabweretsa kolera ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Azakhali anati, "Ndiye kuti mwana wanga uja..." Sanamalize.

Atatuluka, abambo anabwerera ku Nathenje, ndipo azakhali anabwera nawo kuti awaperekeze. Akuyenda ndi ndodo. Mankhwala akumwa okha, osawakumbutsa. Fodya chaka chino salima, ndipo zimenezo zikuwapweteka kuposa balalo.

Dzulo masana ndinalimba mtima. Ndinali pakhonde la kukhitchini, nditatsuka kale zamasamba, azakhali atakhala pamkeka chapatali akusoka chitenje. Ndinasiya mpeni, ndinapita kukagwada patsogolo pawo. Ndinati, "Azakhali, mawu aja ndinalakwa. Yohane simunamuphe ndinu. Ndipo masiku amene abambo anali kwanu, ine ndinadziwa kuti akufunika kuwatsatira, koma ndinakhala dala. Zala zimenezi nanenso zili pamutu panga."

Anapitiriza kusoka mpaka ulusi unatha. Anauluma ndi mano. Kenako anati, "Ndamva. Kuiwala ndiye sindinaiwale, ndisakunamize."

Ndinati, "Chabwino, azakhali."

Ndinabwerera pamalo panga, misozi ikutchinga m'maso, n'kuyamba kudula karoti. Posakhalitsa ndinamva akuthira madzi m'beseni. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kudzaima pambali panga.

"Bweretsa mpeniwo. Ukudula zikuluzikulu. Sukudziwa kuti mlongo wanga mano a kumasaya anatha?"

Sindinkadziwa, Amayi. Miyezi yonseyi munthu ankavutika kutafuna, osanena. Azakhali anaduladula zonse tating'onoting'ono, kabichi ngati ulusi, anafinyira ndimu, n'kukapereka okha mbaleyo kwa abambo. Azakhaliwo sanalaweko, ndipo ine sindinawakakamize. Abambo anamaliza yonse.

Lachinayi tikupita kukaonetsa bala. Mantha sanandithere, chifukwa adokotala anati matendawa sachoka, ndipo chilonda china chikabwera tidzayambiranso. Koma ndikukulonjezani chinthu chimodzi: kaya ndikwiye, kaya nditope, kaya anyamuke osatsanzika, dzuwa silidzalowanso ine ndisakudziwa mmene phazi la abambo lilili.

Pumani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Esnati