Msuweni Watenga Tebulo la Pawindo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Ine m'thupi ndili bwino, mumtima ndiye ayi.

Nkhani ndi ya msuweni wathu, mwana wa azakhali, amene ndinamupezera malo kuntchito kwathu kopanga mapulogalamu a pafoni. Paja anafika ndi kachikwama kamodzi n'kumagona pansi m'chipinda changa. Pantchitoyi ndinamugwira dzanja ndine.

Kale tikasintha kanthu, ngakhale mtundu wa batani, tinkamanganso pulogalamu yonse, kuitumiza mufoni, n'kudikira mpaka tiyi kuzizira. Iyeyu waika chida choti ukangosunga zomwe walemba, foni ndi tsamba la pa intaneti zimasintha zokha pomwepo. Si iye anachipanga, n'chaulere. Ine ndinachitchula chaka chatha, abwana anati tilibe nthawi yamasewera.

Lachiwiri kunabwera mayi wa sitolo ya nsapato amene tikumupangira pulogalamu, nadandaula kuti zilembo zachepa. Msuweni anazikuza foni ili m'manja mwa mayiyo. Mayiyo anakuwa ngati waona matsenga. Abwana anaitana ofesi yonse, n'kunena kuti mutu wotere ndi umene tinkausowa. Ndinaomba nawo m'manja, achemwali.

Pano wapatsidwa tebulo la pawindo ndi foni yatsopano yoyesera. Ine ndikadali pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, ndi foni yanga yosweka galasi.

Chondiwawa n'chakuti mwanayo alibe matama. Madzulo amandisungira chakudya, ndipo pamaso pa anthu amanditchabe aphunzitsi. Akanakhala wamwano bwenzi ndikumuda momasuka. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kudya naye ndikudya, koma sizikukoma. Chidacho nanenso ndikuchigwiritsa ntchito, ndipo ndikumaweruka dzuwa likadalipo. Zimenezo zithere m'makutu mwanu.

Pempho langa ndi limodzi. Azakhali akabwera kudzatamanda mwana wawo, musawatsutse. Koma akapita, amayi muwauze pambali kuti chidacho ndinayamba kuchiona ndine. Sindifuna agone akuganiza kuti mwana wawo watsala m'mbuyo.

Moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Azakhali nawo muwapatse moni, koma wochepa.

Ndine mlongo wanu,
Wamagalasi