Wopenta Sayeza Pansi

14 Ogasiti

Okondedwa Malume,

Lolemba kunabwera amuna awiri ndi tepi yoyezera ku holo yathu ya kanema. Msuweni wanga, amene munamusiyira makiyi, akuti ndi openta. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma wopenta sayeza pansi.

Simenti yapansipo munathira ndinu ndi malemu bambo, motsetsereka dala, kuti wokhala kumbuyo aziona bwino. Zaka makumi atatu palibe anadandaulapo. Koma mmodzi wa amunawo anagubuduza botolo kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo, n'kupukusa mutu. "Matumba sangaunjikike apa," anatero. Matumba a chiyani, Malume?

Ndikhulupirira miyendo yasiya kukuvutani. Ife tili bwino. Mdzukulu wanu wamera mano awiri, ndipo amagona tulo ngakhale filimu ikuphokosera kuseri kwa khoma. Kachipinda kathuko amuna aja anakayezanso, mpaka kusuntha bedi.

Makina oonetsera ndikuwapukutabe, mipando isanu ndaikhomerera. Kodi ndipitirize?

Papepala limene amunawo ananyamula ndinaonapo siginecha yonga yanu. Mwina ndi maso angawa. Mungondiuza mwezi usanathe, ndidziwe ngati ndiyambe kufunsa nyumba ya lendi. Mayi a mwana sindinawauze.

Ndine mwana wa mlongo wanu.