Bambo Akukana Kuti Ndiwasambitse

Wokondedwa mlongo wanga Austin,

Moni kumeneko ku Ayalandi. Kaya uli bwanji ndi chisanu umadandaula nacho chija? Ife kuno ku Nambuma tilipo, ana ali bwino, koma bambo ayi.

Anagwa kumunda sabata yatha, mbali yonse yakumanja inafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo atibweza kunyumba. Sangadzuke okha, ngakhale kupita kuchimbudzi.

Chandithetsa nzeru n'chakuti akukana kuti ndiwasambitse. Akuti mwana wamkazi savula bambo ake, ndi malaulo. Mayi akanakhala moyo bwenzi zili zina. Ndinapempha bambo aang'ono a Jailosi, iwo anati kudwazika matenda ndi ntchito ya amayi. Ndiye taona, mwamuna sangathe poti ndi mwamuna, ine sindingathe poti ndine mkazi. Bambo angogona pamphasa, msana wayamba zilonda.

Ndikudziwa kuti mtima ukukuwawabe. Utawauza bambo kuti wapeza ntchito yosamalira nkhalamba, anati anakulipirira sukulu kuti ukhale makaniko, osati wosintha matewera a azungu, ndipo usadzawaimbirenso foni. Ine ndinangoti ziii, pomwe nanenso kuesiteti anandikaniza kuyendetsa thirakitala n'kundikhazika pansi kusankha fodya ndi amayi anzanga. Ndikanakuikira kumbuyo tsiku lija. Unkandiuza kuti kumeneko akazi amayendetsa mabasi, amuna n'kumasambitsa okalamba, popanda wocheuka. Ine ndinkangoti ndi zakwaeni.

Dzulo ndikuwamwetsa phala anandifunsa, lilime likulemera, “Kodi Austin amawatembenuza bwanji anthu aja osawapweteka?” Ndinati sindikudziwa. Anayang'ana khoma, kenako anati, “Ntchito yake ndi yolemera, eti?” Ndinatuluka panja kukalira.

Sindikuti usiye ntchito ubwere kuno, ndikudziwa kuti mapepala ako okhalira kumeneko sanatuluke. Ndikungopempha kuti uimbe foni. Mlamu wako wavomera kuti aziwasambitsa ngakhale ndi apongozi ake, bola iweyo umulangize kagwiridwe kake. Ukatha naye, ndidzawaikira bambo foniyo kukhutu.

Usachedwe, Austin. Mawu awo akunka natha, ndipo adokotala sanatilonjeze kuti abwerera. Uwamve akadali okhoza kuyankha.

Upereke moni kwa alamu anga a Flora. Ambuye akusunge kuchilendoko.

Ndine mlongo wako,
Benedeta