Ndinakupachikani pa Tsamba Lomaliza

Arbroath, 9 Novembala 1894

Okondedwa achimwene anga a Lachlan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Singapore kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana, ngati alipo. Kuno ndilipo, kungoti chifuwa chija chimavutabe kukazizira. Keyala yanu wandipatsa ndi wapasitima wina amene anakuonani mukusoka matanga padoko.

Mkazi wanga Isbel tinamuika m'manda mu Epulo. Nyumba yandikulira. Tiyi ndimathirabe makapu awiri.

Buku langa lija la achifwamba a panyanja alisindikiza kachisanu ndi chitatu. Sabata yatha Mayi Petrie, ogulitsa nsomba zowamba, anandifunsa kuti ndinamutola kuti Kaputeni Strang, woseka ngati chitseko chadzimbiri uja. Akuti amuna awo akaligwira bukulo phala limapserera, ndipo kwawo onse amandida chifukwa ndinamupachika. Ndinawayankha kuti ndinangomupeka. Iwo anati bodza ndimalemba bwino, koma kulinena sinditha.

Achimwene, inu munadziwa kale, koma ine sindinavomerepo. Strang ndinu. Kuseka n'kwanu, chipsera cha ketulo padzanja n'chanu. Za namondwe ndi zisumbu munkandisimbira ndinu, ine ndili chigonere ndi chifuwa. Sitima yaikulu sindinakwerepo mpaka lero.

Inali nsanje. Mukabwerako kunyanja bambo ankakupatsani mpando wawo, ine n'kumatumidwa malasha. Ndiye ndinatenga zanu zonse, n'kukusandutsani wakupha anthu, n'kukukolekani chingwe m'khosi.

Amayi atamaliza kuwerenga anandifunsa kuti m'bale wanga anandilakwira chiyani. Inu munatseka bukulo, n'kundigwira paphewa, m'mawa mwake munapita. Patha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amayi anamwalira akufunsabe ngati wamakalata wadutsa.

Tsopano osindikiza akufuna buku lachiwiri. Akuti ndingonena kuti chingwe chinaduka, Strang anathawa, anthu asangalala. Ndakhala pathebulo miyezi itatu osalemba kanthu. Ndikati ndimulankhulitse sindimva chilichonse, chifukwa mawu anu ndawaiwala. Ndimayesa kukumbukira mmene munkaitanira galu wathu, koma sizibwera.

Sindikupempha nkhani zina ayi, zomwe ndinaba zakwana. Dzulo ndawauza osindikizawo kuti buku lachiwiri kulibe. Ndikungopempha mzere umodzi wolemba dzanja lanu, ngakhale wonditukwana. M'tauni muno aliyense amandivulira chipewa, koma wodziwa kuti kunyumba munkanditcha Kankhono, chifukwa chosatuluka panja, mwatsala inu nokha.

Mulungu akusungeni pamadzi ndi pamtunda. Mundiperekere moni kwa onse a m'nyumba mwanu, ndipo muwauze kuti kuno kuli m'bale wawo, ngati simunawauzepo.

Ndine mng'ono wanu,
Euan