Mapira a Amayi Ali mu Mzere Wosathirira

Okondedwa mlongo wanga,

Ndine mlongo wanu wamkulu, uja mumamuti Wachipewa, wa zaka 67 tsopano. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi.

Ntchito ndi yomwe ija, ya m'nyumba ya magalasi momwe amayesa mbewu ngati zingapirire chilala. Mbewu zili m'zidebe, m'mizere iwiri. Mzere wina timathirira. Winawo, womangidwa tinsalu tofiira, timaumana madzi dala. M'mawa ndimanyamula zidebe kukaika pa sikelo, kuti mayi amene amatiyang'anira aone madzi amene atha. Kenako iwo amapana tsamba ndi kachida konga chopanira zovala, akuti kamawauza mmene tsambalo likupumira. Mnzanga woyendetsa pampu ya madzi amandiseka, akuti ndakalambira khasu kuti ndidzalembedwe ntchito yozunza mbewu.

Tsono vuto ndi ili. Mukukumbuka mapira a malemu amayi, aja munandimangira pa kansalu nditabwera kumaliro a alamu? Ndinawaonetsa mayi otiyang'anira aja uku ndikudzitama kuti mapira akwathu sagonja ndi dzuwa. Anapempha kuti awayese, ine n'kupereka onse, n'kuwadzala m'mizere yonse iwiri. A mzere wothirira anadulidwa ndi makoswe akadali anthete. Atsala a mzere wofiira okha.

Mlongo, mukanawaona! Masamba apindika ngati ndudu, a m'munsi auma kale. Chidebe chapepuka moti ndikuchinyamula ndi zala ziwiri. Ndimadutsa pomwepo ndi kheni yodzaza madzi nditayang'ana kumbali.

Ndinawadandaulira mayiwa. Anati tsamba likamapindika masana n'kutambasuka m'mawa ndiye kuti mbewu ikulimbana, koma sanandibisire kuti zina zikafika pamenepa sizidzukanso. Anatinso mbewu ndi yathu, ndikafuna awachotsa pa mayeso n'kuwathirira lero lomwe. Kungoti tikatero, palibe adzadziwe pamene mphamvu yake imalekezera, ndipo sangawachulukitse kuti athandize ena. Andisiyira ine chiganizo. Ndikumangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Msuweni wathu woyendetsa lole anandiuza kuti anankafumbwe anakuonongerani mbewu chaka chino. Choncho pempho langa ndi limodzi. Katseguleni chitini chija mumasungamo mbewu, muone ngati mapirawa atsalamo, ngakhale odzaza chikhatho, osafumbwa. Ngati alipo, ndilimba mtima, awa apirire mpaka pomwe angathe. Ngati mulibe, ndikawapempha mayiwa tithirire. Mbewu ya amayi isathere m'manja mwanga.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa apongozi anu, ndi kwa adzukulu onse.

Musadikire kuti mupeze nkhani zambiri. Mungolemba kuti alipo kapena mulibe, mupatse msuweniyo akamabwerera. Lero m'mawa chidebe chimodzi masamba ake sanatambasuke.

Ine mlongo wanu,
Wachipewa